Chaka Chimene Msewu Unadikira Fodya wa Amayi

Thabwa lija ndimalikumbukira bwino kuposa nkhope za anthu ambiri a nthawi imeneyo. Linali lothimbirira ndi simenti youma, ndipo chapakati linali ndi mng'alu umene unkalira munthu ukapondapo. Anthu omanga msewu ndiwo analiyala pamwamba pa ngalande imene anakumba kutsogolo kwa nyumba yathu. Ngalandeyo inali yakuya moti tsiku lina abambo aakulu atalowamo kukatola chipewa chawo, kunja kunkangooneka dzanja lokha. Kupita kusukulu, kukatunga madzi, kukapala moto, zonse zinkadzera pa thabwa limenelo. Ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi. Pakakhala anthu ndinkawoloka choimirira, koma ndikakhala ndekha ndinkakwawa.

Mudzi wathu unali kumpoto kwa Boma la Kasungu, mbali ya ku Simlemba, m'mphepete mwa msewu waukulu. Msewu wakalewo unali utatheratu. Tala anali atadyeka m'mbali monse, ndipo lole ya fodya ikakumana ndi basi, imodzi inkayenera kutsikira m'tchire. Ataganiza zoukuza, kunabwera anthu ovala zipewa zolimba ndi zingwe zawo, n'kulemba mitanda yofiira pa nyumba zonse za mzere wathu. Pofika mu Epulo anansi athu onse anali atasamukira kumtunda, kuseri kwa tchalitchi, ndipo nyumba zawo zinali zitagumulidwa. Inatsala yathu yokha ndi chigafa chake, chisakasa chachitali chofolera ndi udzu chimene tinkaumitsiramo fodya. Kutsogolo kunali ngalande ija. Kumbuyo kunali msewu wongoyembekezera, wadothi, umene magalimoto onse a dziko lino ankadutsamo. Kumanja ndi kumanzere anaunjikako dothi lofiira lotalika kuposa denga lathu.

Chimene tinatsalira tokha n'chakuti abambo anamwalira mu Febuluwale, fodya titangoyamba kuthyola. Anadwala masiku asanu basi. Maliro atatha, amayi anamanga duku lawo lakuda n'kubwerera kumunda. Anathyola okha, kusoka okha masamba aja awiriawiri, n'kumapachika pa mikangala, timitengo topingasa ta m'chigafa, mpaka chinadzaza kufika kudenga. Ndiye kunabwera kapitawo wa msewu pamodzi ndi abambo aakulu, mkulu wawo wa malemu abambo anga. Kapitawoyo ataona duku lakuda anavula chipewa. Mawu ake ndikuwakumbukabe: "Sitingamugumulire namfedwa fodya ali m'chigafa. Tsamba lomaliza likatsika, mutiuze." Abambo aakulu nawo anawonjezera awo. "Likatsika lomalizalo, mlamu, tikusudzulani. Muzipita kwanu mukapume."

Kusudzula ndinkakudziwa pang'ono. Mkazi wamasiye sachoka pamudzi wa mwamuna wake mpaka achibale a malemuyo atasonkhana n'kumuuza kuti wamasuka. Amayi kwawo kunali ku Kapelula, kumene ndinali nditapitako kamodzi kokha, koma ndinkakumbukira mango ndi mtsinje, ndiponso kuti kunali phee. Tsiku lomwelo ndinayamba kulongedza mumtima mwanga.

Panali chinthu chimodzi chimene aliyense pamudzi ankachidziwa kupatula ine. Kwawo kwa amayi mwana ndi wa mayi ake, ndipo amene amamulamulira ndi amalume. Koma abambo anatsata mwambo wa kwawo, anapereka malowolo, ng'ombe zinayenda ulendo wa ku Kapelula ine ndisanabadwe. Ng'ombe zikapita, ana amatsala kuchimuna. Tsiku losudzula amayi linali tsiku loti iwo achoke okha, ine nditsale m'manja mwa abambo aakulu. Palibe anandiuza. Akuluakulu a kwathu sauza mwana chinthu chimene akudziwa kuti achilirira, amangodikira kuti achione yekha.

Mvula italeka, fumbi linayamba. Anthu amene sanakhalepo pakati pa msewu womangidwa amaganiza kuti fumbi ndi lija munthu amasasa pa malaya. Lathulo linkalowa m'mano. Madzi tinkavundikira ndi mbale, pamwamba pa mbale nsalu, koma ukamwa unkamvabe mchenga pa lilime. Nkhwani unkalira pakamwa. Bulangete ukalikutumula linkatulutsa mtambo wofiira, ndipo ukamina, zotuluka m'mphuno zinali zofiira. Panalinso chimakina chotsendera dothi, chachigudumu chimodzi chachikulu, chimene chikamadutsa mbale zinkavina zokha pathandala, mano ako n'kumagundana. Nkhuku zathu zinatha imodziimodzi pamsewu wakumbuyo uja. Yomaliza amayi anaimanga mwendo ndi luzi pamtengo wa chigafa, ndipo inkangozungulira pomwepo tsiku lonse. Ine ndinkaiyang'ana ndi chifundo, osadziwa kuti odutsa m'mabasi ankatiyang'ananso ife chimodzimodzi.

Anzanga onse anali kumtunda. Madzulo ndinkawamva akusewera fulaye, mawu awo akubwera ndi mphepo, koma amayi sankandilola kuwoloka thabwa dzuwa likapendeka. Pabwalo pathu panatsala malo oti ukhoza kuwayenda mapazi makumi awiri uku, makumi awiri uko. Ndinkadana napo. Ndinkadana ndi nyumba, ndi chigafa, ndi fungo la fodya limene kale ndinkalikonda chifukwa linali fungo la malaya a abambo. Ndinene zoona, masiku ena ndinkadananso ndi amayi.

Fodya wa bale akauma sagwiridwa masana. Ukangomukhudza amathetheka, ndipo zinyenyeswa palibe amazigula. Amatsitsidwa m'mamawa, mame akadali pansi, pamene tsamba lafewa ngati nsalu. Nthawi yake ndi yochepa, dzuwa likangokwera pang'ono ndiye kuti ntchito yatha. Abambo ali moyo, tambala woyamba ankatipeza m'chigafa. Koma chaka chimenecho amayi, munthu amene moyo wake wonse sanagonepo mpaka kuyera, anayamba kudzuka dzuwa litatuluka. Ankasesa kaye pabwalo, ngakhale kusesako kunali kungosamutsa fumbi. Ankatsuka mbale zotsukatsuka kale. Akamalowa m'chigafa n'kuti kwatentha. Ankatsitsa mikangala iwiri, mwina itatu, kenako n'kufinya tsamba m'manja kuti ndimve kuthetheka kwake. "Wauma," ankatero. "Mawa."

Ndinkawerenga mikangala yotsala ndi chala, ndipo mtima unkandiwawa. Pa liwiro limenelo mvula ina ikanatipeza pomwepo. Ndinaganiza kuti maliro awalowetsa ulesi amayi, ndipo ndinkachita nawo manyazi. Ndinkawadzutsa ine, kuwagwedeza phewa, iwo n'kungotembenukira kukhoma. Lero ndikudziwa kuti sankagona, maso anali otsegula.

Abambo aakulu ankabwera Loweruka lililonse. Ankaima kutsidya kwa ngalande n'kuodira, ngati kuti pali chitseko, kenako n'kuwoloka atatambasula manja. M'chigafa sankalowa. Kulowa m'chigafa cha mkazi wamasiye osaitanidwa, anthu akanati akulanda chuma cha malemu, ndipo iwo anali mkulu wa mpingo. Choncho ankaima pakhomo pake n'kumasuzumira. "Mlamu, fodyayu atha liti?" Amayi ankagwada patali, maso pansi. "Akafewa, alamu." Sabata ndi sabata funso lomwelo, yankho lomwelo. Onse awiri ankadziwa chimene akukambirana, ndipo sichinali fodya.

Sindikufuna kuwanamizira abambo aakulu. Sanali munthu wankhanza. Kapitawo ankawapanikiza, chifukwa msewu unali utatha mbali zonse ziwiri, patangotsala kachigamba kathu pakati ngati dzino lobowoka. Anthu a pamudzi nawo ankawanena kuti banja lawo likuchedwetsa chitukuko. Iwo anali atandimangira kale kachipinda kunyumba yawo yatsopano, n'kukazira bwinobwino. M'maso mwawo ankasunga mwana wa mng'ono wawo, monga mmene anthu awo akhala akuchitira. Ndakhala zaka zambiri ndikufunafuna woti ndimukwiyire pa nkhani imeneyi, ndipo sindinamupeze woyenera.

Kusukulu aphunzitsi ankaukonda msewu uja ngati ndi wawo. Ankajambula pabolodi mizere iwiri yowongoka n'kumati, "Uwu ndi mtsempha wa dziko. Fodya wa makolo anu azifika kuokushoni tsiku lomwelo." Ine ankanditcha mtsikana wa pachilumba, ndipo kalasi inkaseka, chifukwa yunifolomu yanga inali itasiya kukhala yabuluu. Koma nditayamba kutsokomola kosaleka, aphunzitsi omwewo anavala nsapato zawo zopolisha n'kuwoloka thabwa lija. Anakana mpando. "Mayi, mwanayu chifuwa chimupweteka. Mukudikira chiyani pamalo ngati pano?" Amayi anayankha kuti tikudikira fodya. Aphunzitsi anayang'ana chigafa, anayang'ana ine, kenako anayang'ana amayi nthawi yaitali. Sanafunsenso. Kuyambira tsiku limenelo analeka kunditcha wa pachilumba, ndipo ine ndinaganiza kuti angoiwala.

Nzeru ija inandibwerera mu Juni, mwezi wa mphepo yozizira. Panali galimoto ya thanki imene inkathira madzi pamsewu wakumbuyo kuti fumbi ligone. Inkadutsa kawiri pa tsiku, ndipo ikadutsa pankamveka kafungo ka mvula yoyamba kwa kanthawi. Tsiku lina nditaima pomwepo n'kumanunkhiza, ndinakumbukira kuti chaka china kutauma kwambiri, abambo anathira madzi pansi m'chigafa ndi kheni, n'kutchinga m'mbali ndi masaka, ndipo m'mawa mwake fodya anafewa mpaka masana. Ife madzi oterowo tikanawatenga kuti, poti ndowa imodzi yokha inkawoloka thabwa movutikira? Koma apa panali thanki yathunthu ikungotaya madzi pansi.

Ndinadikira tsiku limene amayi anapita kudambo kukachapa. Thanki itatulukira ndinaima m'mbali mwa msewu n'kukweza manja onse awiri. Dalaivala wake anali bambo wonenepa, wovala kansalu kumphuno, amene ankandiimbira hutala masiku onse. "Ankolo, tithandizeni madzi m'chigafamu. Fodya wa amayi akukana kufewa." Anaseka mpaka kansalu kaja kanagwa. "Iwe ndiwe mlimi weniweni! Bwanji simunanene kale? Ifetu tatopa kukuzungulirani." Anatsika, anakoka chipaipi chake, n'kuthira pansi ponse mpaka panachita matope, kuthiranso masaka amene amayi anatchingira fumbi. Sanatenge nthawi. Pochoka anandipatsa chidutswa cha nzimbe.

Amayi atabwera ndi zochapa pamutu anaima pakhomo pa chigafa. Ndinali nditabisala kuseri kwa nyumba kuti ndione mmene asangalalire. Anatula beseni pansi pang'onopang'ono. Anaponda matope aja ndi phazi limodzi, n'kuyang'ana mkukuluzi wa chipaipi umene unachokera kumsewu. Anandiitana dzina langa kamodzi, motsitsa. Nditatulukira ndikumwetulira, anandifunsa kuti, "Wachita ndiwe?" Ndinavomera monyadira. Sanandikalipire, ndiponso sanandiyamikire. Anangoti, "Kasambe m'manja," ngakhale m'manja mwanga munalibe kanthu.

Zikanathera pomwepo, mwina amayi akanapeza njira. Akanachotsa masaka kuti mphepo iumitse pansi, kapena akanangodzukanso mochedwa. Koma safunsa anadya phula. M'mawa mwake ndinalawira m'chigafa, ndinagwira tsamba, ndipo linapindika m'manja mwanga osalira. Ndinagwira lina, ndi lina, onse ofewa. Ndinawoloka thabwa lija chothamanga, koyamba m'moyo wanga, mpaka kumtunda. Ndinawapeza abambo aakulu akusukusula. "Fodya wafewa yense! Bwerani mudzatithandize kutsitsa!" Anandiyang'ana madzi akutsika m'ndevu. "Akutuma ndi amayi ako?" Ndinadziwa kuti ndikati ayi sabwera. Ndinati inde.

Ndi bodza lokhalo limene ndinawanamizapo abambo aakulu, ndipo ndi limene linatsegula chigafa. Mawu anali atachokera kunyumba ya namfedwa, tsono palibe akanawanena kuti alanda chuma. Anabwera ndi akazi awo, ana awo ndi amayi ena atatu a mumpingo, onse pamzere pa thabwa. Amayi anawalandira. Akananena kuti sanatume munthu, ndiye kuti andiyalutsa pamaso pa anthu amene ndinali pafupi kukhala m'manja mwawo. Anandiyang'ana kamodzi kokha, kenako anayala mphasa n'kuyamba kugawa ntchito ngati kuti anaikonza okha.

Kapitawo atamva, analamula kuti thanki izithira m'chigafa madzulo aliwonse. Ntchito imene amayi anaikoka miyezi iwiri ndi theka inatha masiku anayi. Anthu ankaimba posankha masamba, owala paokha, ofiirira paokha, n'kumamanga timitolo. Ine ndinkathamanga uku ndi uku ngati mwini ukwati. Amayi a mumpingo aja ankandisisita kumutu n'kumati ndine mwana wanzeru, koma akatero ankayang'anana. Mmodzi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti fodya wamulowa m'maso. Amayi anga ankasankha mofulumira kuposa onse, manja okhaokha akuyenda. Tsamba lomaliza analitsitsa okha.

Mabelo anadindidwa Lachitatu, ngolo inawatenga kudzera msewu wakumbuyo. Lachinayi chimakina chinabwera n'kukankha chigafa kamodzi kokha, ndipo chinagwada ngati ng'ombe yotopa. Ine ndinawomba m'manja. Nyumba anati aigumula Lolemba, poti mwambo wosudzula anauika Loweruka. Uthenga unapita ku Kapelula kuti amalume abwere adzatenge mlongo wawo. Ndinamva ndi makutu anga akuti adzatenge mlongo wawo, ndipo sindinaone chosowa m'mawu amenewo. Ndinamanga kamtolo kanga: bulangete, makope awiri, ndi kapu yanga yapulasitiki.

Loweruka amalume anatenga amayi okha. Anakwera basi pamsewu wakumbuyo uja, ine abambo aakulu atandigwira mapewa onse awiri, ndipo ndinakawaonanso patapita zaka zinayi. Za tsiku limenelo sindikumbukira zambiri, ndipo zimene ndikukumbukira sindikonda kuzinena. Tsiku limene limandibwerera nthawi zonse ndi Lachisanu.

Lachisanu masana amayi anatsegula sutikesi n'kutulutsa chitenje chawo chatsopano, chobiriwira, chimene abambo anawagulira atagulitsa fodya wa chaka chatha. Anali asanachivalepo. Anachiyala pamphasa pakhonde n'kuchidula ndi lumo. Ndinakuwa kuti akuwononga, iwo anati ndiime chilili. Anandiyeza ndi zikhatho, m'mapewa, m'chiuno, kutsika mpaka m'miyendo, ndipo paliponse ankawonjezera chikhatho china. Anasoka ndi manja masana onse, makina akubangula mbali zonse, fumbi likugwera pansalu iwo n'kumaliuzira.

Diresi litatha ndinalivala, ndipo ndinafuna kulira. M'mapewa linkagwa. M'chiuno mukanalowa ine ndi mnzanga. M'munsi analipinda katatu, mpindiro pamwamba pa mpindiro, moti linkalemera n'kumandimenya m'miyendo ndikamayenda.

"Ili ndi la munthu wamkulu," ndinatero. "Akandiseka ku Kapelula."

"Ukula."

"Ndiye bwanji osasoka londikwana, ndikakula mudzasoke lina?"

Anandikokera pafupi, anatembenuza m'munsi mwa diresi muja n'kundionetsa ulusi. Mpindiro uliwonse anausoka ndi ulusi wa mtundu wake, woyamba woyera, wachiwiri wakuda, wachitatu wofiira. "Likafupika, udule woyerawu, pano, pamfundo. Usakoke, ung'amba nsalu. Uzisolola pang'onopang'ono ndi singano. Likadzafupikanso, wakudawu. Wofiirawu ndi womaliza." Anandigwiritsa singano kuti ndiyese. Ndinayesa mosafuna, ndinalakwitsa, anandibwerezetsa. Ndinalakwitsanso, anandibwerezetsanso, mpaka kachitatu. Zala zawo zinali zakuda ndi utomoni wa fodya.

"Koma amayi, inu ndinu otani?" ndinatero nditatopa nazo. "Likafupika si mudzangomasula ndinu?"

"Taona kuno, mwanawe," anatero. "Yambiranso pamfundo."

Ndinayambiranso, koma maso anga sanali pa ulusi. Anali kumsewu, kumene basi ya ku Boma inkadutsa pang'onopang'ono m'fumbi. Ndinkawerenga mawindo ake, n'kumasankha limene ndidzakhale mawa, ndi kuganiza kuti ndiwapempha amayi akhale mpando wamkati kuti ine ndikhale chakuwindo.